Magazi a pa Bedi Naini

Tsiku limenelo kunacha ndi chifunga, ndipo sichinayere. Pofika teni koloko magalimoto anali akuyendabe atayatsa magetsi. Labotale inali pansi penipeni pa chipatala, ndipo timawindo take ta m'mwamba tinkaoneka ngati wina watimata mapepala oyera kunja.

A Duu anavula jekete, anavala chikhoti choyera, anasamba m'manja. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a ntchito, chifukwa pa zaka zonse zimene anayeza magazi m'chipindamo panalibe amene anawamvapo akucheza. Mayi wa pa benchi yoyandikana ndi yawo ankatchedwa Wailesi, pa chifukwa chosiyana ndi chimenecho.

"Madala, mwafika bwino, mlandu wanu uwu," anatero Wailesi akukupiza pepala. "Dokotala wa ana walemba ndi cholembera chofiira, mpaka kuboola pepala. Akuti aka n'kachitatu. Akuti mwanayo mitsempha yatha n'kubayidwa. Akuti kaya ife kuno magazi timayamba tawayanika padzuwa."

"Wodi iti?"

"Ya ana. Bedi naini. Kawiri konse chidindo munamenya ndinu, ine musandiikemo."

Kuyeza kumeneku sikunkachitika kawirikawiri. M'maselo a munthu muli maenzaimu ena otchedwa masalufatezi, amene amaphwanya zinyalala za m'thupi kuti zisaunjikane. Labotale yawo inkatha kuyeza anayi. Mwana akabadwa ndi matenda a mtundu umenewu, nambala imodzi ndiyo inkagwa, zinazo n'kuima bwinobwino, ndipo imene yagwayo inkatchula dzina la matendawo. Koma manambala akagwa onse anayi, lamulo la m'chipindamo linali limodzi, ndipo a Duu analilandira kwa mkulu amene anawaphunzitsa ntchito: munthu mmodzi sangadwale matenda anayi osowa nthawi imodzi, ndiye kuti magaziwo afunda panjira, awonongeka. Umamenya chidindo cha AWONONGEKA, TENGANI ENA, n'kutaya kabotolo. Nthawi zambiri lamulolo linkanena zoona, pakuti timabotolo tinkaiwalika pawindo kapena m'thumba la namwino.

Pansi pa manambala anayiwo pankakhala yachisanu, ya enzaimu ina yosakhala ya banja limenelo. Ankaiyeza poti fomu inali ndi mpata wake. Kuiwerenga anthu anasiya kalekale.

A Duu anatenga pepala lija. Sanafunikire kuliyang'ana nthawi yaitali. Kawiri konse anali atamenya chidindo mofulumira kuposa masiku onse, ndipo chifukwa chake ankachidziwa.

Manambala amenewo anawaonapo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'mbuyomo anali ndi mwana wamkazi, mmodzi yekhayo. Anachedwa kuyenda, anaphunzira mawu asanu ndi awiri, kenako anayamba kuwataya limodzilimodzi. Anasiya kuyenda, anasiya kumva, pomaliza anasiya kumeza. Khungu lake linkayoyoka ngati mamba a nsomba. Magazi ake anawayeza okha pa benchi yomweyi kanayi, ndipo kanayi konse anamenya chidindo. Mwanayo anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, matenda ake opanda dzina.

Maliro atatha, azilongo awo ananena pamaso pa anthu kuti mwana wotere kwawo sanabadweko, zimenezi zachokera kuchikazi. Mkazi wawo anatembenuka n'kuwayang'ana iwo, munthu woyeza magazi, kuti anenepo kanthu. A Duu anayang'ana nsapato zawo. Mayiyo anakhalanso zaka zisanu, osafunanso mwana wina, n'kumwalira akukhulupirira kuti mimba yake ndiyo inali yoipa.

Ngati magazi a pa bedi naini sanali owonongeka, ndiye kuti ajanso sanali owonongeka.

Anatsegula firiji, anadzaza ayisi m'kabokosi konyamulira, anaikamo timabotolo tiwiri.

"Mukupita kuti?" anafunsa Wailesi.

"Kumwamba."

"Inu? Ku wodi? Madala, anthu a kumwambako amayesa munamwalira kalekale, kunangotsala siginecha. Mukawaopseza ana a eni."

A Duu anakwera masitepe. M'khonde lalitali la kumwamba mawindo onse anali oyera mbee, osaonetsa mtengo kapena denga, ngati chipatalacho chachotsedwa pamalo pake n'kuikidwa pena popanda kanthu. Nsapato zawo zokha n'zimene zinkamveka.

Fungo linawapeza asanalowe. Linali la mafuta odzola okhuthala aja a anthu a khungu louma, osakanikirana ndi kafungo kena kotsekemera, ka thupi limene silituluka panja. Anaima pakhomo. Kunyumba kwawo fungo limenelo linatenga zaka ziwiri kuti lichoke m'makatani.

Bedi naini linali pakona. Mayi wachitsikana, wowonda, anali atawerama akudzoza mwana mafuta m'miyendo. Mwanayo anali wamkazi, wa zaka ngati zitatu, mutu waukulu, nsidze zakuda zokumana pakati, maso ali kudenga. Nsalu ya pabedi inali yobiriwira, ndipo paliponse pamene mwanayo anakhudza panali timamba toyera. Mayiyo atamaliza kudzoza anayamba kutisesa ndi m'mphepete mwa dzanja, n'kutiwolera m'chikhatho, n'kutiika m'kapepala kopinda.

Anaona kuti munthu wa chikhoti choyera akumuyang'ana, ndipo anachita manyazi.

"Pepani bambo, si uve ayi," anatero. "Kungoti sinditaya pansi. Anthu angamuponde."

A Duu anagwira chitsulo cha bedi. Mawu amenewo anali atawamvapo, onse, m'ndondomeko yomweyo, kwa munthu wina amene ankatiika m'kachitini ka tiyi.

Namwino wamkulu wa wodiyo anabwera ndi thireyi. Anali mayi wathupi, wa mawu aakulu.

"Ndiye ndinu a labotale? Lero mwatikumbuka! Bwerani muone ntchito yanu." Anatembenuza mikono ya mwanayo. M'zigongono monse munali mikwingwirima yakuda. "Kuno kwatha, uku kwatha. Lero tipita kuphazi. Mukawonongeranso amenewa, ndibwera kumusiko ndidzatenge anuwo."

"Ndinyamula ndekha," anatero a Duu.

"Gwirani dzanja, asagwedezeke."

Anagwira. Kadzanjako kanali kokhakhala ngati khungwa, chala chachikulu chachifupi, chotambalala. Chala chimenecho anachidziwa ndi khungu lawo asanachione ndi maso. Namwino anamanga mwendo, anasisita, anabaya, anaphonya, anabayanso. Mwanayo sanalire. Anangokukuta mano katatu, kupuma, katatu. Wawo uja ankakukuta chimodzimodzi, ndipo mkazi wawo ankati akuwerenga chinachake.

Kenako mutu waukulu uja unayamba kutembenuka pa pilo, pang'onopang'ono. Maso anatsika kudenga, anadutsa namwino, anadutsa mayi ake, n'kuima pa a Duu. Anakhala pomwepo. Tizala tija tinafinya chala chawo.

"Iii!" anatero mayi uja monong'ona. "Miyezi inayi osayang'ana munthu. Ngakhale ine. Bambo, akukudziwani?"

"Ayi."

"Koma akukuyang'anani ngati munthu amene amamudikira."

"Amatero ana," anatero namwino, koma iyenso anali atatsitsa mawu. Anadzaza timabotolo, anatipereka. A Duu anachita kumasula tizala tija kamodzikamodzi. Pamene ankatseka kabokosi, maso aja anali akadali pa iwo.

Mayiyo anawatsatira mpaka pakhomo.

"Bambo, ndifunseko. Amandiuza kuti magazi awonongeka. Akuwonongekera m'botolo, kapena m'thupi mwakemo? Chifukwa apongozi anga anamva mawu amenewo, ndiye akuuza aliyense kuti ngakhale achipatala atsimikiza, magazi a mwanayu ndi owonongeka, ndipo kwawo kulibe zotere. Bambo ake sabata ino sanabwere. Akuti ntchito yachuluka." Anapinda kapepala kaja kawiri. "Ine ndikungofuna dzina lake. Ngakhale likhale loipa."

A Duu anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndiwayeza ndekha," anatero.

Kuchokera pabedi kufika pa benchi panapita mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo ayisi anali asanayambe n'kusungunuka komwe. Analemba nthawiyo pa fomu. Anapatula maselo oyera, anawatsuka, anawagawa m'timachubu, anathira mankhwala ake, chilichonse kawiri. Wailesi ankalankhula za mlamu wake amene anagula galimoto yopanda injini, koma ataona mmene manja a a Duu ankayendera anasiya nkhaniyo pakati. Timachubu tinalowa m'makina otenthetsera. Panatsala kudikira maola anayi.

Kuseri kwa firiji yaikulu kunali kachipinda kosungiramo mabuku akale a labotale, a nthawi imene zonse zinkalembedwa pamanja. Kiyi wake anali mmodzi, ndipo ankakhala m'thumba mwa a Duu. Anatsegula, anayatsa getsi. Munkanunkha mapepala onyowa. Mabuku anali m'mashelefu, chaka ndi chaka, onse atakutidwa ndi fumbi, onse ofanana msana. Limodzi lokha linali litatulukira kunja pang'ono, ndipo pamwamba pake panalibe fumbi. Sanakumbukire kuti analowamo liti komaliza.

Analitsegula ataimirira. Tsamba lake silinavute kupeza, bukulo linangotseguka lokha pamenepo. Zolemba zinali zawo, za munthu wa maso abwino, zing'onozing'ono. Dzina sanalembe, analemba kuti mwana wamkazi, zaka zitatu. Manambala anayi pansi, pafupi ndi ziro. Chidindo pambali, inki yake itafiira ndi ukale. Anapita pa tsamba lina, ndi lina, ndi lina. Konse chimodzimodzi.

Ndipo konse nambala yachisanu inali bwinobwino.

Pa tsamba lachinayi, pambali pa nambala yachisanuyo, panali chizindikiro cha funso. Chinalembedwa ndi pensulo, kenako n'kufufutidwa mwamphamvu mpaka pepala kupyapyala, koma mzera wake unatsala. Anapititsa chala pamenepo. Ndiye kuti anaona. Munthu wa maso abwino uja anaona, anafunsa, anafufuta, anamenya chidindo, anapita kunyumba kukadya.

M'kati mwa bukulo, pamene masamba amakumana, munali timamba toyera titatu kapena tinayi. Sanadziwe ngati tagwa m'mkono wa chikhoti chawo nthawi yomweyo, kapena tinali momwemo zaka zonsezi. Kuseri kwa khoma firiji inasiya kulira, ndipo mu bata limenelo anamva ngati kukukuta, katatu. Anadikira. Firiji inayambanso. Anatseka buku, analikwapatira, anatuluka.

Nkhomaliro sanadye. Itakwana thuu koloko anatulutsa timachubu n'kuyamba kuwerenga. Wailesi anaima kumbuyo kwawo akulemba.

"Yoyamba, pansi. Yachiwiri, pansi. Yachitatu... Madala, mwanayu ali ndi tsoka ndi ife. Yachinayi, pansi." Anapumira m'mwamba, anatsegula kabati, anatulutsa chidindo n'kuchinyowetsa pa inki. "Namwino uja atidya osaphika. Mumenya ndinu kapena ndimenye ine?"

"Siya."

"Lamulo ndi lanu lomwe. Munandiphunzitsa tsiku langa loyamba, ndipo mawu amene munalankhula mwezi wonse umenewo anali omwewo."

"Werenga yachisanu."

"Yachisanu? Ili bwino. Imakhala bwino nthawi zonse imeneyo."

"Pa mapepala awiri oyamba aja?"

Wailesi anawatenga. "Ili bwino. Apanso ili bwino."

"Magazi akafunda, kutentha kumasankha? Yachisanuyonso ikanagwa."

Wailesi anayang'ana nthawi imene inalembedwa pa fomu, anayang'ana kabokosi ka ayisi, anayang'ana buku lakale limene linali pa benchi. Anaika chidindo pansi pang'onopang'ono, chagada.

"Takhala tikutaya angati?" anafunsa.

A Duu anatenga mapepala atatu aja ndi buku, anakweranso masitepe.

Dokotala wa ana anali mayi wamng'ono msinkhu, wa magalasi, ndipo mawu okalipa anali atawakonza kale. Atangoona chikhoti choyera anayamba.

"Bambo, ndi ulemu wonse, mwana si chitsime choti tizingotunga..."

A Duu anayala mapepala pa desiki, anaika chala pa nambala yachisanu, pepala ndi pepala, kenako pa mphindi zisanu ndi ziwiri zija. Dokotalayo anasiya kulankhula. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatembenukira ku kompyuta, anawerenga nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka.

"Khungu la mamba," anatero ngati akudziuza yekha. "Kusamva. Zala zija. Zonse zinali pamaso panga." Anatembenuka. "Khalani pansi, bambo."

Sanakhale.

"Si matenda anayi. Ndi amodzi. Masalufatezi m'thupi alipo oposa khumi, aliyense ndi ntchito yake, wina mu ubongo, wina m'mafupa, wina pakhungu. Koma onse amapangidwa ali obuntha, ngati mipeni imene yangochoka kwa wosula. Ndiye pali enzaimu imodzi yokha imene imawanola onsewo, kamalo kamodzi pa aliyense, kuti ayambe kudula. Imeneyo ikakhala yolumala, mipeni yonse ilipo, koma palibe ndi umodzi womwe wodula. Zinyalala zimaunjikana paliponse nthawi imodzi. N'chifukwa chake yachisanuyo ili bwino. Si mpeni wa gulu limenelo, sidikira wonola." Anagwira pachipumi. "Ndinangowerengapo kusukulu, ndime imodzi. Ndi osowa kwambiri. Sindinkaganiza kuti ndidzamuona mwana wake."

"Mankhwala?"

"Ochiza palibe. Tingamuthandize kumeza, kupuma, khungu, ululu. Basi."

A Duu anayang'ana pawindo. Kunja kunalibe chooneka.

"Zimachokera kwa mayi?"

"Kwa onse awiri. Mayi amapereka mbali yake, bambo mbali yake. Aliyense payekha amakhala wathanzi, osadziwa n'komwe kuti wanyamula kanthu. Mwana amadwala pokhapokha akalandira zonse ziwiri."

"Sizingachokere kumodzi."

"Sizingatheke... tinene kuti pafupifupi nthawi zonse ndi onse awiri. Kuti titsimikize, titumiza magazi ku labotale yaikulu akayeze majini, zija zimene mwana amatengera kwa makolo: a mwana, a mayi, a bambo. Bokosi la kumeneko limanyamuka folo koloko. A bambowo tiwaitanitsa, awo adzapita ulendo wina." Anaimirira, anasonkhanitsa mapepala. "Ndipite ndikawauze mayi aja."

"Mukadzawauzanso, bambo ake akhalepo," anatero a Duu. "Ndi apongozi."

Dokotalayo anawayang'ana, anagwedeza mutu kuvomera. Ankati azituluka, koma a Duu anali atatsegula buku lakale lija pa desiki n'kulitembenuzira kwa iye. Dokotalayo anawerama, anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lachinayi. Chala chake chinaima pa malo ofufutidwa aja.

"Ichi n'cha liti? Zaka zonsezi?" Anayang'ana pamwamba pa tsamba. "Palibe dzina. Mwana ameneyu ali kuti?"

"Anamwalira."

"Makolo ake tingawapeze? Ayenera kuuzidwa."

"Mayi ake anamwalira."

"Nanga bambo ake?"

Dokotalayo anayang'ana zolemba za m'bukumo, anayang'ana zolemba za pa fomu ya tsikulo, pamene panali mphindi zisanu ndi ziwiri: dzanja lolemba linali limodzi. Anakhala pansi.

"Pepani, bambo," anatero patapita nthawi.

"M'bokosi la folo koloko muli malo?"

"Malo alipo. Koma mundimvetse. Mwanayo kulibe, mayi ake kulibe. Pepala limene lidzabwere silidzachiza munthu, ndipo zimene lidzanene mukuzidziwa kale."

"Azilongo anga sakuzidziwa. Ali moyo onse atatu."

Dokotalayo anakoka thireyi ya pambali, anang'amba kapepala ka singano, anatenga kabotolo n'kufunsa kuti alembepo dzina liti. A Duu anamuuza dzina lawo lonse, ndi la mkazi wawo, ndi la mwanayo, kuti onse alembedwe pa fomu.

Anavula chikhoti choyera n'kuchikoleka pachitseko. Anakhala pa mpando wa odwala, anapinda mkono wa malaya, anatambasula dzanja.